Maluwa sadyedwa, ankatero bambo anga

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Nkhorongo, kuno ku Mzuzu. Amalima marozi ndi maluwa ena n'kumagulitsa kwa okongoletsa maukwati ndi oluka nkhata za pamaliro. Akuti Loweruka lililonse anthu amadzadza m'munda mwawo kudzajambulitsa, ndiye akufunsa mmene angawaphunzitsire za ulimi n'kupezapo kangachepe.

Mayi, funso lanuli latokosa bala lakale.

Ine ndinakulira ku Chibavi, m'nyumba ya lendi, kuseri kwake kunali kamalo koyalapo mphasa zitatu basi. Amayi anga ankadzalapo maluwa, ena m'zitini zobooka, ena m'beseni lakutha. Bambo akaweruka ankaima pakhomo n'kupukusa mutu: "Maluwa sadyedwa awa." Chaka china anazula onse, nadzalapo maungu. Anayanga bwino, nkhwani tinadya mpaka kutopa, koma timaungu tikangofika ngati dzira tinkachita chikasu n'kuthothoka. Bambo anati mwina ndi nthaka, kenako anati pali wina watiponda.

Tsiku lina m'mamawa, chifunga chija cha kuno chisanachoke, amayi anandiitana. Anandionetsa kuti dzungu lili ndi maluwa amitundu iwiri. Lachimuna limakhala pa kamtengo kowonda, lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Anathyola lachimuna, nalisenda masamba achikasu aja, n'kupaka mungu wake pakati pa lachikazi, pang'onopang'ono ngati akupaka mwana mankhwala m'diso. "Iyi ndi ntchito ya njuchi," anatero, "koma bambo ako anazithamangitsa." Chaka chimenecho tinadya maungu. Bambo sanapepese, koma amayi atabwezeretsa zitini zija sananenenso kanthu.

Phunziro limenelo silinakwane mphindi zisanu. Kusukulu ndinaphunzira ulimi zaka zambiri, ndipo chimene ndimakumbukira ndi chibalo. Ukachedwa, tenga khasu. Ukalongolola m'kalasi, kakumbe dzenje. Tinakula tikudziwa kuti khasu ndi la wolakwa, ndiye lero tikudabwa kuti achinyamata akuthawa kumunda? Ine nkhani iyi imandipsetsa mtima, ndipo mphunzitsi amene akulangabe ana ndi khasu asadzandiuze kuti amakonda ulimi.

N'chifukwa chake ndikukana maganizo amene ambiri angakupatseni, oti mumange kachisakasa kokongola, muike mipando, mudikire azungu. Azungu amangodutsa mu Mzuzu. Amamwa khofi, amathira mafuta, ulendo wa ku Nkhata Bay kapena ku Nyika. Ndipo wofuna maluwa ku Nyika amakawapeza: kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, amene amachita bwino nthawi yamvula. Inu simungapikisane ndi phiri limenelo. Paja chinaka chimene timagula pamsika chimachokera ku timizu ta maluwa omwewo, ndipo okumba akuwatha. Ndiye bambo anga analakwa kawiri, maluwa amadyedwa ndithu. Nanga chiluwe si ndiwo?

Alendo anu enieni ndi ana asukulu za ku Luwinga, Katoto ndi Zolozolo, ophunzira a ku Mzuni, amayi a m'magulu a kumpingo ndi a banki m'khonde. Amenewa ndi amene adzabwerenso, n'kubweretsa anzawo.

Za ojambulitsa aja ndisanene zambiri. Ndinaonapo gulu laukwati litalowa m'munda wa mnzanga wina, nsapato zazitali zikuboola mabedi, mkwatibwi atagwira duwa lothyola yekha. Anachoka osadziwa ngakhale dzina la duwa limodzi. Alipiritseni, ndipo mtengo wawo ukhale wokwera kuposa wa ana asukulu.

Nanga muyambire pati?

Pafupi ndi marozi anuwo dzalani mzere wa maungu, wa mpendadzuwa ndi wa tomato. Alendo azibwera m'mawa, chifukwa duwa la dzungu likafika masana limatseka ndipo njuchi zimachuluka dzuwa likangotuluka. Gulu lisapitirire anthu 15, kuti aliyense agwire dothi. Mwana aliyense apeze yekha duwa lachimuna ndi lachikazi. Aonetseni marigold pakati pa tomato, muzule tomato wodwala aone mizu yotupa ndi tinyongolotsi ta m'nthaka timene duwali limachepetsa. Avundukule mulu wa manyowa, alowetse dzanja amve kutentha. Ngati mumamezanitsa marozi, chitani iwo akuona, mpeni uli m'manja mwanu.

Konzani tinjira toonekera bwino, chimbudzi chaukhondo ndi ndowa yosambira m'manja. Funsani aphunzitsi ngati pali mwana amene amatupa akalumidwa ndi njuchi. Muzilankhula Chitumbuka ndi Chichewa momwe, mayina a Chingerezi abwere pambuyo. Za mtengo kambiranani ndi ahedi, muyambe ndi sukulu imodzi yoyandikana nanu, ndipo pa zimene zikukuvutani kufotokoza pitani ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa mukafunse akatswiri a zaulimi.

Potuluka aliyense anyamule mbande yake m'chubu, mtengo wake muuphatikize pa ndalama yolowera. Mukakonzeka mundilembere, ndidzabwera ndi ana a mlongo wanga. Wamng'onoyo mpaka pano amakhulupirira kuti tomato amapangidwa ku Shoprite.