Za nsidze zojambula ndi singano zija

Eee mphwanga, ndamva uthenga wako, ndinali kumsika. Ukuti ukufuna ukajambulitse nsidze zosafufutika zija ukwati usanafike. Tandimvera kaye.

Zimene zija si pensulo ayi, ndi mphini, ngati zomwe agogo anali nazo m'masaya zija. Kungoti pano amatema ndi kasingano n'kulowetsa inki. Khungu limachekeka, timagazi timatuluka. Ndiye kasingano kaja kakagwira munthu wina m'mawa, iwe n'kubwera masana, za m'magazi mwake zalowa mwa iwe. Anthu amangoganiza za HIV, koma ine chimandiopsa kwambiri ndi matenda a chiwindi, hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamakhalabe ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu, ndipo kungopukuta singano ndi thonje la spirit si kuyeretsa kokwanira. Katemera wake anayamba kubaya ana kuno ku Malawi mu 2002, iwe unali utabadwa kale, ndiye usadziyese wotetezeka.

Koma chachikulu kwa iweyo ndi ichi. Ukukumbuka utabooletsa makutu, kuseri kwa khutu kunamera chotupa cholimba chija, choyabwa chija? Chija amati keloid, chimakonda khungu lakuda ngati lathuli. Thupi lomwe linachita zija pakhutu likhoza kuchitanso pamphumi. Pakhutu umaphimba ndi mpango, nanga pankhope udzaphimba ndi chiyani? Ndipo chikamera, kuchidula nthawi zambiri chimabweranso.

Komanso kutentha kwathu kwa ku Mangochi kuno, thukuta lili chuchuchu tsiku lonse. Bala limafuna pafupifupi masabata awiri osalinyowetsa, osakasamba kunyanja, osatokosa nkhanambo. Utha zimenezo uli kalikiliki ndi zokonzekera ukwati?

Ukaumirirabe, singano akaitsegule m'pepala mwake iwe ukuona, avale magolovesi atsopano, inki athire m'kachikho katsopano, ndipo asaisungunule ndi madzi a pampopi. Pakadutsa masiku awiri atatu kutupa kukuwonjezeka, pakutuluka mafinya, kapena thupi latentha, usapake mankhwala otsukira mano kapena zitsamba. Thamanga kuchipatala chachikulu pa Boma tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo ndi pafupi ndi diso.

Ine mtima wanga ukukana, mphwanga, chifukwa cha khutu lija. Ndibwera Loweruka ndi pensulo yosachoka ndi thukuta, tidzayesere limodzi, udzadziyang'ane pagalasi.