Kodi TB ndi yakumtundu? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula. Akuti bambo awo anamwalira ndi chifuwa chachikulu, achimwene awo adwalapo kawiri, koma iwowo amene ankadwazika onsewa, kugona nawo chipinda chimodzi, kuwatayira makhololo, sanadwalepo olo pang'ono. Ndiye akufunsa kuti kodi matendawa ndi akumtundu, nanga ana awo ali pachiopsezo?

Mayi, pepani ndi zomwe mwadutsamo. TB si matenda akumtundu. Imabwera ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium tuberculosis amene Robert Koch anamutulukira mu 1882, ndipo amalowa ndi mpweya wodwala akatsokomola. Koma zomwe mwaona pakhomo panuzo ndi zenizeni ndithu, anthu awiri akhoza kupuma tizilombo tomwetomweto wina nkudwala wina ayi. Padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi mwa 4 alionse analowedwapo ndi kachilomboka, koma amene amadzadwala pamoyo wawo ndi 5 mpaka 10 mwa 100 basi. Enawo thupi limakatsekera, kamangokhala phee.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku Lübeck ku Germany mu 1930. Makanda 251 anapatsidwa katemera wa TB wotchedwa BCG yemwe mwangozi anasakanikirana ndi tizilombo ta TB tamoyo toopsa. Opitirira 70 anamwalira, ambiri anadwala nkuchira, ena sanaonetse chizindikiro chilichonse. Kuchuluka kwa tizilombo tomwe mwana analandira kunasiyanitsa zambiri, komabe ngakhale pakati pa ana olandira mofanana zotsatira sizinafanane. Kafukufuku wa mapasa ku New York mu 1943 anapezanso kuti mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso kawirikawiri ngati ali mapasa ofanana ndendende aja kusiyana ndi mapasa wamba.

Mthupimu zimayenda chonchi. Kachilombo kakafika mmapapo, maselo achitetezo otchedwa ma macrophage amakameza, koma vuto ndi loti kakhoza kukhala moyo mkati mwa selo lomwe lakamezalo nkumaswana. Ndiye seloyo imatumiza uthenga wotchedwa IL-12 kwa maselo ena achitetezo otchedwa ma T cell, iwo nkubweza wina wotchedwa interferon-gamma wouza selo ija kuti ipha chomwe wamezacho. Mauthengawa ndi timalo towalandirira zonse zimapangidwa motsatira majini omwe tinatengera kwa amayi ndi abambo, ndiye jini imodzi ikakhala yolakwika uthenga sufika. Mu 1996 madokotala anapeza ana a pachibale ku Malta omwe ankadwala modetsa nkhawa ndi tizilombo tofanana ndi ta TB tosavuta kwa anthu ena, chifukwa jini yawo ya IFNGR1 yolandira uthenga wa interferon-gamma uja sinkagwira ntchito. Mu 2018 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Jean-Laurent Casanova linaonetsanso kuti kusintha kwina pa jini ya TYK2 kumaika munthu pachiopsezo ngati watengera mbali zonse ziwiri, ndipo izi zili mwa munthu pafupifupi mmodzi mwa 600 a ku Europe.

Komatu zimenezi ndi zosowa, musathamangire kuganiza kuti ndi zomwe zili kwanu. Kwa ambirife ndi majini ambirimbiri, iliyonse kuonjezera kapena kuchepetsa chiopsezo pang'ono chabe, ngati NRAMP1 yomwe inaonekera pa kafukufuku wa ku Gambia mu 1998, ndipo zomwe zapezeka dera lina nthawi zambiri sizipezeka kwina. Palibe dokotala amene angayeze majini a ana anu lero nkukuuzani kuti uyu adzadwala uyu ayi.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa ndi choti anthu akamva za kumtundu amagwa ulesi, amvekere nanga titani ndi magazi athu. Ayi mayi. HIV yosamwera mankhwala imachulukitsa chiopsezo kuposa ka 10, shuga, kuperewera zakudya mthupi, fodya ndi mowa nazonso zimafooketsa chitetezo, ndipo banja limapumirana mpweya umodzi mnyumba. Achimwene anu ayezedwe HIV ndi shuga, komanso aonedwe ngati kachilombo kawo sikakumva mankhwala popeza adwala kawiri. Inuyo ndi ana pitani mukayezetse ngakhale simukutsokomola, makamaka ngati pali wosakwana zaka 5, ndipo mukafunse za mankhwala oteteza omwe amaperekedwa kwa okhala ndi wodwala.