Kuphunzira boti la thanga pa nyanja yathu: yankho kwa bambo a ku Lilongwe

Bambo ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Akuti pa Khirisimasi anapita ndi banja lawo ku Senga Bay, ndipo anaona timaboti ta thanga tikuyenda popanda injini kufupi ndi chilumba cha Namalenje. Chichokereni kumeneko mtima wawo uli pa timabotito. Akufunsa ngati munthu wamkulu amene sanagwirepo nkhafi angaphunzire, ngati ayambire ku Salima kapena ku Nkhotakota, komanso mwezi wabwino ndi uti. Awonjezanso kuti mayi a kunyumba akukana, akuti zimenezo n'za azungu ndipo mapeto ake n'kumira.

Bambo, mungaphunzire, ndipo msinkhu si vuto. Kugwira chingwe cha thanga ndi chiwongolero munthu amazolowera m'masiku ochepa. Chimene chimatenga nthawi ndi kudziwa mphepo ya pa nyanja ino, ndipo yankho langa lonse lagona pamenepo.

Za azunguzo ndiyankhe msanga. Thanga linafika pa nyanja ino azungu asanabwere. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, zombo zake za matanga zinkaoloka kupita tsidya la kum'mawa. Ndi mbiri yowawa, chifukwa katundu wake anali anthu ndi minyanga ya njovu, koma zombozo sizinali za azungu. Mpaka lero pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique pamayenda maboti a matanga onyamula nkhuni ndi anthu, ndipo kuno kwathu mudzaona msodzi ataimika mtengo m'boti n'kumangapo matumba osokedwa pamodzi kuti mphepo imufikitse kumtunda osawononga mafuta. Auzeni mayi zimenezi. Koma mantha awo a kumira musawaseke, ali ndi mfundo.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto imazama kufika mamita pafupifupi 700. Mphepo ikamaomba motsata utali wakewo imakhala ndi mtunda wokwanira kukweza mafunde aakulu, ndipo mafunde ake amabwera mothithikana, lina lisanathe lina lafika. David Livingstone atayendapo ndi kaboti mu 1861 anaitcha nyanja ya anamondwe. Sitima ya Vipya, yachitsulo komanso yatsopano, inamira kumpoto pa 30 Julayi 1946 ndipo anthu 145 anafa. Unali mwezi wa mwera.

Mwera ndiye mphepo yoyamba kuidziwa. Umachokera kum'mwera chakum'mawa, umayamba cha mu Meyi n'kulimba mu Juni ndi Julayi, ndipo umatha kuomba masiku angapo osapuma. Ife a Salima ndi Nkhotakota tili kugombe la kumadzulo, choncho mafunde ake amadzaswekera pamchenga pathu. Akatswiri amaukonda kwambiri, ndiye chifukwa chake mpikisano wa Lake Malawi Yachting Marathon, umene umachokera ku Mangochi kulowera kumpoto n'kumaima m'magombe ngati Senga Bay, umachitika nyengo yomweyi. Inu wongoyamba, mwera ukalusa khalani pamtunda muzionerera. A zanyengo akalengeza pa wailesi chenjezo la mwera, limenelo ndi lanunso, osati la asodzi okha. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndipo choopsa chake ndi mabingu: kumwamba kuli mbee, kenako mtambo wakuda watulukira, mphepo yatembenuka mwadzidzidzi. Mlongoti woimirira pakati pa madzi si malo okhalapo kukung'anima. Khirisimasi imene munabwera ija ili m'nyengo imeneyi.

Ine ndikanati muyambe mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, mvula itatha mwera usanalimbe, apo ayi mu Sepitembala ndi Okutobala. Miyezi iwiri yotsirizayi kumatentha ndipo vuma, mphepo ya kum'mawa, imatha kutibula m'mawa, koma masiku odekha ndi ambiri ndipo madzi amakhala ofunda.

Pali mphepo ina imene anthu saiopa, pamene ndi yomwe imasocheretsa ongophunzira. Ndi yochokera kumtunda kulowera kunyanja. Ikamaomba, madzi a m'mphepete amakhala bata ngati mafuta m'mbale, chifukwa mitengo ndi mapiri a Senga zaitchinga. Munthu amakankha boti mokondwa, limathamanga bwino, akamacheuka apeza nyumba zachepa, mphepo yakula, ndipo kubwerera kukufuna luso limene sanaliphunzire. Boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limayenda mopingasa, kupita kumanja kenako kumanzere mokhotakhota, n'kumasendera pang'onopang'ono. Munthu amene sanazolowere zimenezi amangotengeka kulowera ku Mozambique. Choncho musanakhudze boti imani pamchenga, mutole mchenga wouma m'dzanja n'kuutaya pang'onopang'ono. Ukauluka kulowera kumadzi, tsikulo musapite nokha. Yang'ananinso kutali: mafunde akayamba kuchita thovu loyera pamwamba paliponse, mphepo yafika pa makilomita 20 pa ola kapena kuposa, ndipo yakukulirani.

Amene amazidziwa bwino zonsezi ali pagombe pomwepo. Pitani m'mamawa pamene maboti a usipa akukocheza, mupereke moni, mugule kausipa, kenako mufunse mkulu amene akusoka ukonde kuti, "Bambo, nyanja lero ikuti bwanji?" Akayang'ana kum'mwera n'kunena kuti, "Lero ayi, iwinduka masana," musatsutsane naye ngakhale foni yanu ikunena zina. Anthu amenewa amagona panyanja usiku ndi nyali, ndipo amadziwa pamene pali miyala yobisika ndi pamene mvuu imakonda kutulukira. Zimandipweteka kuona alendo akudutsa asodzi ngati zitsa, n'kukafunsa za mphepo kwa munthu wa pa kauntala. Asodziwo akuuzaninso pamene atchera matchera. Mukaona mabotolo apulasitiki akuyandama mondondozana, pansi pake pali ukonde wa munthu. Lambalalani patali, chifukwa ukakola chiwongolero mwaima pomwepo, ndipo mukaudula mwadula chakudya cha banja lake.

Pa funso la malo, yambirani ku Senga Bay. Ndi pafupi ndi kwanu, makilomita pafupifupi 100 kufika pa Salima kenako ena 20 kutsikira kunyanja, mchenga ndi wotakasuka, ndipo panyanja sipasowa maso a anthu. Ena mwa malo ogona alendo amakhala ndi timaboti ta thanga ndi makayaki (timaboti topalasa ndi nkhafi) obwereketsa. Imbani kaye foni mufunse ngati botilo lili bwino komanso ngati pali munthu wokwera nanu, chifukwa zinthu zimasintha, makamaka chisefukireni nyanja mu 2024 pamene madzi analowa m'malo ambiri a m'mphepete. Musagule boti lanu chaka choyamba.

Tsiku loyamba mukwere ndi wodziwa. Iye agwire chiwongolero, inu mugwire chingwe cha thanga, mumve m'manja mwanu mmene boti limathamangira mukakoka ndi mmene limafookera mukatayirira. Chingwecho musachimange paliponse, musachikulunge kudzanja. Mphepo ikawomba mwamphamvu boti n'kuyamba kupendekeka, mankhwala ake ndi kuchimasula basi. Potembenuka weramani, chifukwa mtengo wa m'munsi mwa thanga umadutsa pamene pali mutu wanu. Muziyenda motsata gombe, mphepo ikukuombani m'mbali, kupita ndi kubwerera pamtunda woti munthu wa pamchenga akuoneni nkhope. Ndipo ulendo uliwonse muyambe kulowera kumene mphepo ikuchokera, kuti mukatopa ikubwezereni kwanu.

Tsiku lomwelo pemphani kuti aligubuduze dala botilo pamadzi ofika m'chifuwa. Kaboti kakang'ono kugubuduka si ngozi, ndi gawo la masewerawo. Mudzaona kuti sikamira, ndipo mudzaphunzira kukadzutsa poponda thabwa lotulukira pansi pake. Lamulo lake ndi limodzi: likagubuduka musalisiye. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, ndipo opulumutsa amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu pakati pa mafunde.

Simunanene ngati mumatha kusambira. Ngati simutha, yambani ndi zimenezo, pamadzi osaya, ngakhale ana akuonereni. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, sakunyamulani ngati a ku Beira. Laifi jaketi muvale nthawi zonse, yomangidwa bwino, ngakhale mutadzakhala katswiri. Ndinaonapo pamalo ena ogona alendo akupereka majaketi othothoka zingwe, ena aakulu moti mwana akanangopulumukamo. Oterowo akaneni. Muvale, wina akukokeni m'mapewa, ikakwera kufika m'makutu si yanu.

Mukazolowera, Namalenje ndi ulendo wabwino woyamba, pa tsiku lodekha komanso boti lina likukutsatirani. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili kum'mwera ndipo ndi mbali ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Kumeneko kupha nsomba n'koletsedwa, ndipo ndi ulendo wa munthu amene watha kale kubwerera motsutsana ndi mphepo popanda kuuzidwa chochita. Mbenji, chilumba china, musaiganizire n'komwe panopa. Ili kutali, ndipo ili ndi malamulo a mfumu Makanjira amene aliyense wopondapo amayenera kuwatsata.

Nkhotakota ndimaikonda, koma si sukulu ya wongoyamba. Doko lake ndi lotchingidwa ndi mchenga wautali wa Sungu, n'chifukwa chake Jumbe anapasankha, koma ndi losaya, moti sitima ya Ilala imaponya nangula patali anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Kwa boti la thanga, mchenga wobisika pansi umagwira thabwa lija mosayembekezera. Magombe a kunja kwa dokolo ndi otseguka ndipo mwera umawamenya mwachindunji. Nyanja yaing'ono ya Chia, kum'mwera kwa boma, ndi yodekha komanso yokongola kwa okonda mbalame, koma ndi ya bango, ndipo pamene pali bango ndi madzi odikha pamakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo. Chimodzimodzinso pamene mitsinje ngati Bua ndi Linthipe imathira m'nyanja. Kumalo otero pitani m'boti lalikulu ndi eni dera, osati m'kaboti kotha kugubuduka.

Za ana ndi mayi, musawakweze pamene inu muli wophunzira. Aliyense akwere payekha ndi mphunzitsi, m'mawa, kwa theka la ola. Ana nthawi zambiri amagwira msanga kuposa makolo. Musanakankhe boti muuze munthu wa pamtunda kumene mukulowera ndi nthawi yobwerera, foni muiike m'thumba losalowa madzi n'kuimangirira pajaketi, mutenge madzi akumwa, chipewa chomanga pachibwano ndi nkhafi imodzi yopalasira mphepo ikatha. Mowa udikire mpaka boti litakokeredwa pamchenga. Dzuwa likamapendeka mukhale mutatuluka, chifukwa madzulo maboti a injini a asodzi amanyamuka ambiri nthawi imodzi, ndipo kaboti kopanda nyali sakaona.

Mukasankha tsiku lobwera, ndilembereninso sabata imodzi lisanafike, ndikafunse kugombe mmene mphepo ikuyendera.