Kodi pali makina oyezera mphamvu ya mnofu posamutsa mtsempha wa phazi?

Mayi wina wandilembera kuti phazi la mwana wake wa zaka 4 layambanso kukhotera mkati, ndipo madokotala akuti asamutse mtsempha. Nkhawa yake ndi yakuti angaukoke mopitirira ngati palibe choyezera.

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa mwana wanga naye anabadwa ndi phazi lopindika. Tinayamba ndi chikhakha chosintha sabata ndi sabata, kenako anamudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, n'kumupatsa nsapato zija zolumikizidwa ndi chitsulo. Usiku ankamenyetsa chitsulocho kukhoma mpaka agogo ake kutikalipira kuti tikuzunza mwana. Anthu nawonso sankasowa chonena: wina ati mayi ake anaseka wolumala ali woyembekezera, wina ati n'zochita kutumizidwa. Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri, chifukwa ndi amene amachititsa makolo kubisa ana m'nyumba. Vutoli limagwera pafupifupi mwana mmodzi mwa 1,000 aliwonse, ndipo njira yowongolera ndi chikhakha imeneyi, ya dokotala Ignacio Ponseti wa ku Iowa ku America, imathandiza ambiri popanda opaleshoni yaikulu.

Komabe wathuyo atakula, ndinaona nsapato yake ikutha mbali yakunja yokha. Ndipamene anatiuza za tibialis anterior, mnofu wa kutsogolo kwa mwendo umene mtsempha wake umakokera phazi mkati. Madokotala amamasula mtsemphawo n'kuulowetsa pabowo la fupa la pakati pa phazi kuti uzikoka molunjika. Tsiku lochotsa chikhakha ndinaona kabatani kuphazi kwake, pamene ulusi unamangidwa.

Tsono za makinawo

Zoyezera zilipo, koma zambiri ndi za ofufuza. M'zaka za m'ma 1990, Richard Lieber ndi Jan Fridén ankawunika mnofu ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser opaleshoni ya dzanja ili mkati, ndipo anapeza kuti madokotala amakonda kuukoka mopitirira, mnofu n'kuchepa mphamvu. Choncho mantha anu si opanda pake. Zili ngati waya wa buleki ya njinga: ukathina tayala siliyenda, ukalekerera buleki sigwira.

Koma m'chipinda cha opaleshoni cha masiku onse, woyeza ndi dzanja la dokotala. Amakweza phazi, namanga mtsempha pamene akumva kuti wagwira. Ine ndinene mosabisa: ndingasankhe dokotala wozolowera mapazi a ana kusiyana ndi makina apamwamba m'manja mwa mlendo pantchitoyi. Ku Blantyre chipatala cha Beit CURE chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002.

Mukapitanso, afunseni ngati opaleshoniyi amaichita kawirikawiri, komanso ngati ayamba awongola phazi ndi chikhakha, poti kusamutsa mtsempha pa phazi louma sikuthandiza. Opaleshoni ikatha mwana amakhala m'chikhakha pafupifupi masabata 6, ndipo masiku obwerera kuchipatala musawadumphe.