Kukoka akatumba kokha sikungachiritse mtsempha wa kuchidendene

Imelo ya achemwali ena osewera netball yandikhudza sabata ino. Akuti asanalowe m'bwalo amatsamira khoma n'kukoka akatumba kwa mphindi zingapo, koma kuseri kwa chidendene kukupwetekabe, ndiye akufunsa ngati awonjezere nthawi yokokayo.

Achemwali, ine ndinadutsa momwemo. Nthawi yomwe ndinkathamanga m'mamawa uliwonse, ndikadzuka phazi loyamba kuponda pansi linali ngati wina wandibaya ndi msomali pamwamba pa chidendene, ndimatsimphina mpaka kubafa, kenako ululu umazilala ndikayendayenda. Kochi wathu anangoti "koka kwambiri, wauma." Ndinkakoka m'mawa, masana kuntchito, usiku ndisanagone, miyezi ndithu. Phazi linayambadi kupindika bwino koma ululu unali pomwepo, ndipo pokwera chitunda mwendo umakhala ngati si wanga. Mpaka lero zimandiwawa mtima kuti palibe anandiuza kuti kufewa ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Katumba ali ndi minofu iwiri ikuluikulu, gastrocnemius yapamwamba ija imaoneka, ndi soleus yobisala pansi pake, zonse zimakathera mu mtsempha wa Achilles womwe wagwira chidendene. Mtsemphawo uli ngati legeni, umasunga mphamvu mukaponda n'kuibweza mukadumpha. Mukakoka mnofu osasuntha kupitirira masekondi 60, mphamvu yake imatsikako kwa kanthawi, pomwe kukoka kwafupi ngati masekondi 30 sikuchotsa zambiri. Ndiye taganizani, mphindi zingapo pakhoma kenako wisulo yalira mukufuna kudumphira mpira! Ndipo kufewa komwe mumamva pakatha masabata, mbali yaikulu ndi thupi kungozolowera kupirira kukokako, mtsempha weniweniwo sunasinthe kwenikweni.

Ena andiuza za kafukufuku wa Konstantin Warneke wa ku Germany, poti anthu anawonjezeradi mphamvu ya katumba pongokoka. Zoona, koma amamangirira phazi m'chipangizo ola lathunthu tsiku lililonse kwa masabata 6. Ndani ali ndi ola limenelo, ndi ntchito, ana, kuphika? Ine ndimakana kuti tiziuza anthu zimenezo ngati njira.

Zomwe zinandithandiza

Mtsempha umalimba ukamanyamula katundu. Dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, mu 1998 anafalitsa njira yoima pasitepe ndi zala, chidendene chili m'malere, kukwera ndi miyendo yonse iwiri n'kutsika pang'onopang'ono ndi mwendo wopwetekawo, ka 15 maulendo atatu, bondo lowongoka kenako lopinda pang'ono kuti soleus nayenso agwire ntchito, kawiri patsiku kwa masabata 12. Ine ndinkachitira pa sitepe ya pakhonde, zitayamba kuphweka ndinabereka chikwama cha mabuku kumsana. Masabata oyamba panalibe chosintha, ndinatsala pang'ono kusiya, kenako tsiku lina ndinangozindikira kuti ndafika kubafa osatsimphina.

Ndiye inu achemwali musanasewere thamangani pang'ono, dumphadumphani thupi litenthe, kukokako kuchepe kapena kudikire masewero akatha. Pakatupa, kapena mukamva "phwa" ngati wina wakumenyani kuseri kwa mwendo n'kulephera kuima ndi zala, siyani zonse mupite kuchipatala tsiku lomwelo.