Pitani ku Liwonde, ndipo dikirani chilimwe

Achemwali, mwafunsa komwe mungapite kukaona nyama zakutchire komanso nthawi yabwino yopitira. Poti mukuti muli ndi ana aang'ono komanso masiku awiri okha, ine ndingati pitani ku paki ya Liwonde, pakati pa Julayi ndi Okutobala. Nthawi imeneyi udzu umakhala utauma, madzi atatha m'zithaphwi, ndiye nyama zimatsikira kumtsinje wa Shire kukamwa. Mukangokwera boti madzulo, mvuu ndi ng'ona simuchita kuzifuna, ndipo njovu zimafika mpaka m'mphepete mwa madzi. Ana satopa m'boti ngati mmene amatopera m'galimoto yogwedera pamsewu wafumbi.

Paki ya Majete, ku Chikwawa, ndi yabwinonso, makamaka ngati mukuchokera ku Blantyre, koma ku Chikwawa kumatentha kwabasi Okutobala akafika. Mikango iliko m'mapaki onse awiri, ku Liwonde anaibwezeretsa mu 2018 pomwe a bungwe losamalira mapaki la African Parks anali atayamba kuyang'anira pakiyo mu 2015. Koma musawalonjeze ana kuti akaona mkango. Ife tinazungulira m'mawa wonse osauona, mwana wanga wamng'ono mpaka analira.

Nthawi ya mvula tinayesapo kamodzi mu Febuluwale, galimoto inatitimira m'matope. Sindidzabwerezanso.

Tengani chitupa chanu cha unzika, chifukwa Amalawi timalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja. Mukalowa, musatsike galimoto popanda woperekeza wa paki kukuuzani.

Kumtsinje kuli udzudzu wambiri, choncho musaiwale maneti. Ngati muli oyembekezera kapena mwana wina ali ndi vuto la thanzi, kaonaneni ndi dokotala za malungo musananyamuke, ndipo wina akatentha thupi mutabwerako, thamangirani kuchipatala msanga.