Dzina lalakwika pa samani: musakonze nokha

Achimwene, mwafunsa ngati mungakonze ndi bolopeni dzina la munthu amene mwamusumira, poti linalembedwa molakwika pa samani, komanso ngati mudzalipiranso.

Chonde musafufute kapena kupaka tipeksi pa pepala lomwe khoti ladinda kale. Likangodindidwa, pepalalo ndi la khoti, ndipo kope lina lili m'fayilo yawo. Mukasintha lanu lokha, makope awiriwo asiyana, ndipo mnzanuyo apeza pokanira kuti wosumiridwayo si iye. Tengani samaniyo, lisiti ndi nambala ya mlandu, mupite kwa kalaliki wa pa khoti lomwe munasumira. Akuuzani ngati mungolemba samani yokonzedwa kapena mupemphe kaye chilolezo kwa majisitireti. Mukakonza, woimbidwa mlanduyo apatsidwenso pepala latsopanolo. Ku High Court zimenezi zimayendera malamulo a 2017 a milandu ya sivo, kutanthauza milandu yosakhala yaupandu.

Ngati cholakwikacho chili m'chikalata cholumbira, njira yabwino ndi kulemba china n'kukalumbiranso pamaso pa wolumbiritsa, chifukwa mawu olumbirira sasinthidwa mseri.

Pa ndalama, mlandu suyambiranso ayi, koma pepala latsopano lomwe mwapereka likhoza kukhala ndi mtengo wake. Lipirani kwa wolandira ndalama wa khoti basi, ndipo musachoke opanda lisiti ya boma. Wina akakuuzani panja kuti "ndipatseni ndikuthamangitsireni", mukaneni. Anthu ambiri osauka amaberedwa motero ndipo zimandipweteka mtima.

Ngati m'thumba mwavuta, pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza anthu osatha kulipira loya.